Ndalama ya Utuchi

Tinalipo mazana awiri ndi khumi ndi anayi
pa pepala limodzi la mlandu.
Ena tinasaina ndi cholembera, ena ndi chala,
ena anasainiridwa ndi akazi awo amasiye.
Zaka zisanu ndi zinayi tikupera nsapato pakhomo la khoti
chitsekereni kampani yocheka matabwa ku Luwinga,
unyolo pageti, malipiro athu mkati.

Tsiku lina loya wathu, mwana wa a Harawa,
anatisonkhanitsa kuseri kwa khoti,
jekete litanyowa ndi kamvula kowaza ka Mzuzu
kosadziwa kuyamba, kosadziwa kuleka.
Akuti avomera kulipira
koma sakuvomera kuti analakwa.
Tinaseka. Msukwa anaseka mpaka chifuwa chinamugwira,
tinachita kumukhazika pa njerwa.

Uthenga unalowa mufoni Lachiwiri m'mawa.
Maziro ndinawawerenga ndi chikhadabo, kawiri.
NyaLuhanga sanaimbe nthungululu.
Anangofunsa, osasiya kuchapa yunifolomu ya mdzukulu:
kodi boma latapako kale zake,
kapena lidzabwera titadya?

Ndinakwera sakaramento kuchokera ku Mchengautuwa,
pachitunda ndinatsika, mnyamata apumeko.
Ku ofesi ya msonkho benchi inali yozizira.
Mtsikana wa magalasi, Suzgika dzina pachifuwa,
anandimvera mpaka ndinamaliza, ndimuyamikire pamenepo.
Bambo, anatero, zitengera ndalamayo ikuimira chiyani.
Ngati ndi malipiro amene anakumanani,
malipiro ndi malipiro basi,
ngakhale achedwe chotani amabwera atabereka msonkho kumsana.
Ngati ndi chipukutamisozi cha thupi lovulala,
imeneyo ikhoza kukhala nkhani ina.
Palinso chiwongoladzanja, nachonso tichione.
Pepala lanu likuti chiyani?

Ndinalitambasula. M'mopinda munali mutayamba kung'ambika.
Nambala imodzi yokha,
pansi pake mawu akuti zonse pamodzi, mlandu watha.

Ine ntchito yanga inali kugawa.
Ndipatseni chipika cha paini wa ku Chikangawa,
ndikuuzani ndisanayatse makina:
apa khungwa, apa thabwa, apa zotaya.
Koma iyi ndiicheke poti?
Kwacha iti ndi ya miyezi isanu ndinagwira ulele,
iti ndi ya utuchi unamanga nyumba m'mapapo mwanga?
Zala ziwiri za Kanyimbo zimene tinazitola pansi pa sowo
n'kuzikulunga m'pepala la shuga,
zili pa mzere uti?
Nanga mwana wanga Tafwachi, amene anasiyira Fomu 3
n'kukayamba kugulitsa nthochi ku depoti,
iyeyo ndi malipiro kapena ndi bala?

Sindinamufunse zonsezi mtsikanayo.
Kumbuyo kwanga kunali mzere,
wina atanyamula mafaelo a golosale yake.
Anandilembera kapepala:
loya abweretse kalata yogawa ndalamayo m'zigawo zake.
Anawonjeza motsitsa mawu, musaimalize kaye, bambo.

Foni ya mwana wa a Harawa ikungolira.
Akuti ali ku Lilongwe, pa mlandu wina wa anthu ambiri.

Ndalama ili phee kubanki ngati mlendo
amene sitikudziwa ngati wabwera yekha.
Mwini nyumba wamva kale. Wa makala wamva.
Kutchalitchi andipatsa moni wa manja awiri.
Usiku ndikatsokomola, NyaLuhanga amawerenga,
akuti dzulo zinakwana makumi atatu,
ndiye ndimati lemba, mwina adzafuna umboni.

Loweruka tinakaika Msukwa ku Zolozolo.
Yake inalowa ali m'chipatala, sanaione n'komwe.
Titachoka kumanda mkazi wake anandikokera pambali,
chitenje chili kukamwa:
alamu, mwapitako kuja, akuti bwanji?

Ndinayang'ana dothi lofiira pa nsapato zanga.
Akuti timugawe, mlamu.
Tinene kuti izi ndi za manja ake,
izi ndi za chifuwa.